Kandege Kopanda Injini ndi Mphepo ya ku Chama

Munthu ali yense amene anakulira m'cigwa ca Luangwa anaonapo miimba irikuzungulira m'mwamba dzuwa litakwera. Mbalame zimenezi ndi zazikulu ndiponso zolemera, koma zimatha nthawi yaitali osakupiza mapiko ngakhale kamodzi, ndipo m'malo motsika zimangokwererakwerera kufikira zitasanduka timadontho takuda. Ambiri a ife tikaziona timangofunsana kuti kwafa nyama yanji kumeneko. Ndi owerengeka amene amafunsa kuti cimene cimazinyamula n'ciani. Ine funso limeneli landigwira kwa zaka zingapo tsopano cifukwa ca kandege kopanda injini kamene ndimaulutsa kuno ku Chama. Lero ndafuna kuti ndikufotokozereni, awerengi, za kanyamukidwe ndi kateredwe kace, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Kandegeka anandibweretsera ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira nchito ku Johannesburg, ine nditangopuma pa nchito ya uphunzitsi. "Asibweni," iye anatero, "mwakhala mukuphunzitsa za mpweya ndi coko pa bolodi zaka zambiri, tsopano kauoneni ndi maso." Azungu amakacha glider. Mapiko ace ndi otalika mamita 2 kucokera nsonga kufika nsonga, koma kulemera kwace sikufika kilogalamu imodzi, cifukwa anakapanga ndi mtengo wopepuka kwambiri wochedwa balsa, umene umamera ku South America, n'kukakuta ndi pulasitiki yopyapyala. M'mimba mwace muli kabatire, kacipangizo kolandira uthenga wa wailesi, ndi timakina tiwiri timene timakoka ziwongolero za kumcira. Ciwongolero cimodzi cimakhotetsa kandege kumanja kapena kumanzere, cinzace cimakweza kapena kutsitsa mphuno. Woulutsa amaima pansi ali ndi kabokosi ka wailesi m'manja, ndipo amalamulira zonsezi ndi zala zazikulu.

Ndisanakaulutse ndinayamba ndakatengera kwa amfumu a m'mudzi mwathu. Tonse tidziwa zimene anthu amaganiza akamva za ndege youluka yopanda mafuta, yopanda phokoso, yopanda munthu m'kati. Ndipo tidziwanso kuti mphekesera zotere zikabuka, amene amavutika ndi nkhalamba zosalakwa. Coteco ndinakatsegula pamaso pa amfumu ndi akuluakulu, ndi kuwaonetsa waya uli wonse. Amfumu anagwira okha kabokosi kaja, nasuntha kandodo, naona mcira ukugwedezeka. Anaseka nati, "Aphunzitsi, licero lanu n'lodula." Kuyambira tsiku limenelo ndimaulutsa masana, poyera, ndipo ali yense wofuna kukagwira amakagwira.

Coyamba cimene munthu ayenera kumvetsa ndi cakuti ndege yopanda injini imakhala irikutsika nthawi zonse, monga njinga yotsetsereka pa citunda popanda kupalasa. Kanga kamapita patsogolo mamita ngati 15 pa mita imodzi imene katsika. Kuti mapiko anyamule thupi, mpweya uyenera kudutsa pa iwo mwa liwiro lokwanira, ndipo liwiro limeneli kandege kamalipeza mwa kuweramitsa mphuno pang'ono. Woulutsa akakweza mphuno mopitirira, liwiro limatha, mapiko amaleka kugwira mpweya, ndipo kandege kamagwa camutu. Kukwera kumabwera pokhapokha kakalowa m'mpweya umene ukukwera msanga kuposa mmene iko kakutsikira. Cinsinsi ca miimba ndi comweci.

Munthu amene anatsegulira anzace njira imeneyi anali Otto Lilienthal wa ku Germany. Iye anatha zaka zambiri akuyang'ana adokowe, mtundu womwewo wa adokowe oyera amene amacoka ku Ulaya kubwera kuno nyengo ya dzinja, ndipo mu 1889 anasindikiza buku lofotokoza kaulukidwe ka mbalame. Kuyambira mu 1891 anauluka maulendo oposa 2,000, akudumpha pa zitunda atalendewera pansi pa mapiko a nsalu. Pa 9 Ogasiti 1896 mapiko ace anataya liwiro ali pa mtunda wa mamita ngati 15 cabe, nagwa, nathyoka khosi, ndipo anamwalira m'mawa mwace. Taonani kuti sanafere kumitambo. Anagwa kucokera pa msinkhu wa mtengo wa mlambe. Pafupi ndi nthaka ndi pamene pali ngozi, cifukwa palibe danga lakuti ndege iweramitse mphuno ndi kupezanso liwiro. Cimene cinapha Lilienthal ndi cimenenso cimaphwanya tindege tambiri tonga kanga, ndipo kawirikawiri cimacitika ponyamuka ndi potera.

Njira yapafupi yonyamutsira kandege ndi kukaponya ndi dzanja. Apa mtima umamuuza munthu kuti aponye m'mwamba, popeza kumwamba ndi kumene akufuna kuti kapite. Wotero amakaona kakukwera mamita atatu kapena anai, kenaka kaima, kenaka kagwa camutu pamapazi pace. Kuponya koyenera ndi kwa mkondo wolasira nyama imene iri patsogolo pang'ono: mapiko ali olingana, mphuno itaweramira pansi pang'ono, dzanja likukankha molunjika osati mogwedeza. Ndipo nthawi zonse munthu amaponya moyang'anana ndi mphepo, kuti mpweya ukhale utayamba kale kudutsa pa mapiko kandege kasanacoke m'dzanja. Nkhanga ndi akhwangwala nawonso amanyamuka cimodzimodzi, cifuwa ku mphepo.

Koma kuponya ndi dzanja sikufikitsa patali. Pofuna kukwera kwenikweni timagwiritsa nchito legeni yaikulu. Timakhoma cikhomo pansi, n'kumangirirapo mphira wotalika mamita 30, ndipo ku mphirawo timalumikiza twaini wa mbedza wa mamita ngati 100. Kunsonga kwace kuli kamphete kamene kamakola kambedza ka pansi pa mimba ya kandege. Munthu amayenda cambuyo ndi kandege m'dzanja kufikira mphira utakokeka ndithu, ndipo akataya, kamakwera motsetsereka ngati kaiti ya ana. Kakafika pamwamba pa cikhomo, kamphete kamavuka kokha. Mphira umene unabwera nako unafumbwa ndi dzuwa la kuno m'zaka ziwiri, ndipo tsopano ndimalumikiza malegeni odulidwa ku machubu a galimoto. Saponya patali ngati woyamba uja, koma amakwanira.

Masekondi atatu oyamba a ulendo wa pa legeni ndiwo oopsa koposa. Mphira umakhala uli ndi mphamvu zace zonse, kandege kali pafupi ndi nthaka, mphuno iri m'mwamba. Phiko limodzi likangotsalira, kamapatukira kumbali, ndipo mphira womwewo umene umayenera kukakweza umakakokera pansi mwa ukali. Woulutsa ayenera kuwongola nthawi yomweyo, pang'ono cabe, ndi kupirira osakweza mphuno. Palinso ngozi ina ya anthu. Cikhomo cikazuka m'dothi la mcenga, mphira umacibweza ngati mwala wa pa legeni kulunjika kwa woponya. N'cifukwa cace ndimakhoma cikhomo cacitali copendekera kutali ndi ine, ndipo palibe mwana amene amaloledwa kuima pa mzere wa cingwe.

Zonsezi zimadalira kudziwa mphepo, ndipo apa ndi pamene ndinapeza kuti aphunzitsi anga ali m'mudzi momwemo. Chama ndi dziko la mpunga. Mai ali yense amene amauluza mpunga amadziwa kumene mphepo ikucokera, amadziwa kuti yatsala pang'ono kuleka, ndiponso kuti ikaleka idzabwera kucokera mbali ina. Saima kuseri kwa nkhokwe, cifukwa adziwa kuti pamenepo mphepo imazungulira n'kumubwezera mankhusu kumaso. Mabuku a ndege amanena zomwezo m'mau ena: kuseri kwa mitengo, nyumba kapena phiri mpweya umagubuduzika, ndipo ndege yolowamo imagwedezeka ndi kutsika mwadzidzidzi. Alenje nawo amatola fumbi kapena phulusa n'kuliwaza kuti aone kumene fungo lao likupita. Ine ndimacita cimodzimodzi ndisanaponye, ndipo ndikaona amai a pafupi aleka kuuluza n'kukhala pansi, nanenso ndimadikira.

Mpweya wokwera uja umabadwa motere. Dzuwa limatenthetsa nthaka mosiyanasiyana. Munda wopserera, bwalo louma ndi madenga a malata zimatentha msanga kuposa dambo kapena nkhalango. Mpweya wokhala pamwamba pa malo otenthawo umafunda, umapepuka, ndipo umanyamuka ngati mzati wosaoneka. Mpweya wa m'mbali umathamangira kudzatseka malo ace. N'cifukwa cace pa tsiku lotentha mphepo imatha kuleka mwadzidzidzi, thupi n'kumva kufunda, kenaka n'kubwera kamphepo kozizirira. Mzati umakhala wadutsa, ndipo wapita kumene kamphepo kaja kakulowera. Anamzeze akasonkhana pamalo amodzi m'mwamba, ndiye kuti akudya tizilombo timene mpweyawo wanyamula. Kamvuluvulu amene amanyamula masamba ndi fumbi mu Okutobala ndi mzati womwewo utakwiya. Miimba imakhala m'mitengo kufikira ca m'ma 9 kapena 10 koloko m'mawa cifukwa imadikira kuti nthaka itenthe. Katswiri wina wa ku Britain, Colin Pennycuick, anaitsatira ndi ndege yeniyeni ya mtundu wa glider ku Serengeti m'dziko la Tanzania ca m'ma 1970, naona kuti imakwera mozungulira m'mzati umodzi, kenaka n'kutsetsereka molunjika kukafuna wina, ndipo mwa njira imeneyi imayenda mitunda yaitali osatopa.

Miyezi yabwino youlutsira kuno ndi Meyi, Juni ndi Julayi, pamene mpunga wakololedwa, kunja kwazizirira, ndipo mphepo imaomba mokhazikika kucokera kum'mwera ca kum'mawa. Okutobala ndi wina. M'cigwa muno kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, ndipo mizati ya mpweya imakhala yamphamvu koopsa. M'mawa wina wa mwezi umenewu ndinanyamutsa kandege pa bwalo la mpira kunja kusanatenthe kwenikweni. Katangovuka pa cingwe, phiko lakumanja linatukuka lokha, cizindikiro cakuti mpweya wokwera uli mbali imeneyo. Ndinakakhotetsera komweko, ndipo kanayamba kukwera. M'mphindi zocepa kanali katacepa ngati namzeze, mphepo ikukatengera kumadzulo, kumene kuli mtsinje wa Luangwa ndi chire la nyama. Kandege kakacepa cotero, maso sathanso kuzindikira ngati kakubwera kapena kakupita, ndipo kungophethira kamodzi munthu akhoza kukataya. Kukatsitsa camutu nakonso sikuthandiza, cifukwa liwiro likacuruka mapiko a balsa amathyoka m'mwamba momwemo.

Pansi pa mtengo wa mango panali mkulu wina amene amakonda kudzaonerera akusoka mphasa. Iye anaimirira nati, "Aphunzitsi, musalimbane nayo. Muimba ukafuna kucoka sutsikira pomwepo ai. Umaleka kuzungulira n'kulunjika kumbali." Ndinaleka kuzungulira, ndi kulozetsa mphuno kum'mawa, moyang'anana ndi mphepo, itaweramira pang'ono. Kwa kanthawi kanapitirizabe kukwera, kenaka kanagwedezeka potuluka m'mphepete mwa mzati, n'kuyamba kutsika. Koma mpweya umene wakwera pamalo ena uyenera kutsika pamalo ena, ndipo kandege kanalowa m'mpweya wotsikawo. Mtunda umene kanapeza m'mphindi zisanu kanautaya m'mphindi ziwiri. Pamene kamayandikira mudzi kanali pa msinkhu wa mitengo iwiri yosanjikizana, ndipo pakati pa iko ndi bwalo panali mzere wa mango. Pa bwalopo panali patadzaza ana amene anathamangira kudzaona, pamodzi ndi mbuzi.

Ndege ya injini ikalephera kutera bwino imatha kukweranso ndi kuyesa kaciwiri. Yopanda injini imatera kamodzi kokha, ndipo malo oterapo ayenera kusankhidwa ikali m'mwamba. Mwina kakadatha kudumpha mango aja, koma kuseri kwace kunali mpweya wogubuduzika, ndipo kutsogolo kwace kunali mitu ya ana. Cinthu colemera pafupifupi kilogalamu cikagunda mwana kumaso si masewera. Ndinasankha munda wa mpunga wokololedwa umene unali kutsidya kwa mango, patali ndi pamene ndinaima, ngakhale kuti unali ndi ziputu ndi ming'alu. Kanatera ndithu, phiko limodzi n'kung'ambika pa ciputu malo okwana cikhato. Madzulo ace ndinamata ndi tepi. Kuyambira pamenepo anyamata awiri aakulu a pa sukulu anadzipereka kukhala alonda a bwalo, ndipo kandege kakayamba kutsika ana onse amapita kuseri kwa golo.

Kutera kwa tsiku ndi tsiku kuli ndi dongosolo lace la mbali zitatu. Coyamba kandege kamadutsa m'mbali mwa bwalo motsatana ndi mphepo, kenaka kamakhota mopingasa, ndipo pomaliza kamakhotanso kuti kabwere moyang'anana ndi mphepo. Ngati katsika kwambiri, woulutsa amakhota msanga. Ngati kali pamwamba, amatalikitsa njira. Pa mbali yoyamba ija maso amanyenga, cifukwa mphepo ikukakankha kumbuyo kamaoneka ngati kakuthamanga kwambiri, ndipo wosadziwa amakweza mphuno kuti acepetse liwiro, pamene liwiro la mpweya pa mapiko silinacuruke konse. Pa mbali yomaliza pali msampha wina: kandege kakamabwera kwa woulutsa, dzanja lace lamanja limakhala kumanzere kwa iko. Ophunzira ambiri amaphwanyira pamenepa. Ine ndimawauza kuti akankhire kandodo ku mbali ya phiko limene latsika, monga munthu wocirikiza denga ndi mzati.

Ndiye pali mamita asanu omaliza. Pafupi ndi nthaka mphepo imacepa mphamvu cifukwa imakhuzana ndi udzu ndi zitsamba. Kandege kakamatsika kamacoka m'mphepo yamphamvu kulowa m'mphepo yofooka, ndipo liwiro la mpweya pa mapiko limacepa mwadzidzidzi. Kamayamba kumira. Mantha amati kweza mphuno, nthaka yayandikira. Koma wokweza mphuno pamenepa ndiye amene amakagwetsa. Cofunika ndi kubwera ndi liwiro loonjezera, mphuno iri pansi, kufikira katafika pa msinkhu wa bondo. Pamenepo ndi pamene munthu amakweza pang'onopang'ono, kandege n'kuyandama kanthawi pamwamba pa udzu, kenaka n'kukhala pansi ndi mimba. Kugwira cala kuti cisakoke nthawi isanakwane ndi luso limene limatenga miyezi.

Wina anganene kuti zonsezi ndi masewera a nkhalamba yosowa cocita. Koma pa 23 Julayi 1983, ndege yaikulu ya mtundu wa Boeing 767 ya kampani ya Air Canada, yonyamula anthu 69, inatha mafuta iri pa mtunda wa mamita oposa 12,000, injini zonse ziwiri n'kuzima. Woyendetsa wace, Robert Pearson, anali wozolowera kuulutsa ndege zopanda injini pa masiku ace opuma. Anaitsetsereketsa kufikira pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, ndipo ataona kuti wafika ali pamwamba kwambiri, anaiyendetsa campendeko kuti itsike msanga, monga amacitira oyendetsa ma glider. Pa bwalopo tsiku limenelo panali mpikisano wa magalimoto, ndiponso anyamata ocova njinga. Palibe munthu anafa, kaya wa m'ndege kapena wa pansi. Malamulo a mpweya amene anapulumutsa anthu amenewo ndi omwewo amene ana a ku Chama amawaona pa bwalo lao la mpira.

Ndikumbutse amene angakhale ndi mwai wopeza kandege ka wailesi kuti bungwe loona za ndege m'dziko muno, la Civil Aviation Authority, liri ndi malamulo okhudza ndege zoyendetsedwa munthu ali pansi, ndipo ndi bwino kuyamba wafunsa. Pafupi ndi bwalo la ndege, pamwamba pa khamu la anthu ndi m'malo osungira nyama monga North Luangwa si moulutsira. Ndi bwinonso kudziwitsa amfumu ndi eni minda.

Koma mau anga akulu akupita kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga. Wailesi ndi balsa ndi zodula, ndipo si banja liri lonse lingazipeze. Koma ciyambi ca luso limeneli sicifuna ndalama. Mu 1804 George Cayley wa ku England anapanga kandege koyamba kopanda injini mwa kumangirira kaiti ya pepala pa ndodo, n'kuika mcira kumbuyo ndi kolemetsa kutsogolo. Ana athu amene amapanga magalimoto a waya okhota mawilo angathe kupanga kotere ndi phesi la mapira, katoni yopyapyala ndi ulimbo. Akamaliza akanyamule pa nsonga za zala ziwiri zoikidwa pansi pa mapiko, pa gawo limodzi mwa magawo atatu kucokera kutsogolo kwa phiko. Kakalemera kumcira, abaye kamsomali kumphuno kufikira katalingana. Kakaponyedwa n'kukwera, kuima, ndi kugwa camutu, aonjeze kolemetsa kutsogolo. Kakathamangira pansi, acepetse. Mwana amene wacita zimenezi masana amodzi wamvetsa zimene ine ndinkavutika kufotokoza pa bolodi kwa sabata yathunthu. Musamukalipire kuti akutaya nthawi. Mupatseni katoni, mumuonetse citunda kapena culu coyang'ana kumene mphepo ikucokera, ndipo asanaponye mumutume kwa agogo ace akazi akafunse ngati mphepo ya tsiku limenelo ndi yokhazikika kapena yozungulira.